Sitima ya malasha ku Livingstone isamangonena za Rhodes

Ine ndili mbali ya anthu amene amati sitima zakale zoyendera malasha zisagulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha. Ku Livingstone, m'dziko la Zambia, kuli ina yotchedwa Royal Livingstone Express, imene imatenga alendo madzulo, akudya m'mabogi okonzedwa bwino, mpaka pa mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Mlathowo unatha kumangidwa mu 1905, ndipo uli pafupifupi mamita 128 pamwamba pa madzi a Zambezi. Ndi ntchito yabwino, ipitirire.

Koma chimandinyong'onya n'chakuti nkhani ya njanjiyi ikamakambidwa, dzina lomveka ndi la Cecil Rhodes yekha: maloto ake a njanji yochoka ku Cape mpaka ku Cairo, ndiponso zoti ankafuna kuti madzi ouluka pa mathithi azigwera mabogi. Munthuyo anamwalira mu 1902, mlathowo sanauone n'komwe.

Mutu wa sitima ya nthunzi suyenda ndi maloto. Pamafunika munthu woponya malasha m'ng'anjo ndi fosholo kuti madzi awire, nthunzi ikankhe mapisitoni, mawilo azungulire. Moto amaukoleza kukadali maola angapo ulendo usanayambe. Wina achotse phulusa, wina adzaze madzi, wina athire mafuta. Kwa zaka zambiri za atsamunda, mpando wa dalaivala unali wa mzungu, pomwe ntchito zambiri zakuda zinali za anthu akuda. M'chaka cha 1945 ogwira ntchito za njanji achikuda ku Bulawayo ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro ochepa, ndipo sitalakayo inafalikira mpaka kutsidya la Zambezi.

Nanga malashawo ankachoka kuti? Ku mgodi wa Wankie, umene lero timati Hwange, komwe kunadzaza matchona a ku Nyasaland ndi anzawo a ku Northern Rhodesia. Pa 6 Juni 1972 mgodi wa Nambala 2 wa kumeneko unaphulika n'kupha anthu 427, ena mwa iwo Amalawi ndi a ku Zambia. Malasha omwewa ndi amene anachititsa kuti Zimbabwe ipitirize kuyendetsa mitu ikuluikulu ya Garratt, ija yopangidwa ku Manchester, mayiko ena atasamukira kale ku dizilo. Dizilo ankafuna ndalama zakunja, malasha anali apakhomo. Ngakhale nyumba yosungiramo mitu yakale ya sitima ku Livingstone ili pamalo pomwe kampani ya Zambezi Sawmills inkakonzera injini zake, zija zinkakoka matabwa kuchokera ku Mulobezi. Mitengoyo sinkadzidula yokha.

Ena ati mlendo wolipira madola akufuna kusangalala, osati kumva za maliro. Sindikuvomereza. Ku Wales kuli kanjanji ka Talyllyn, kamene anthu ongodzipereka anakapulumutsa mu 1951, koyamba padziko lonse kusungidwa mwanjira imeneyi. Kanamangidwira kunyamula miyala yofolera nyumba, ndipo kumeneko sabisa za anthu amene ankaswa miyalayo. Mu 2021 UNESCO inaika dera lonse la migodi ya miyalayi, pamodzi ndi kanjanjiko, m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Alendo sanathawe.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Pa sitima zoterezi pazikhala wofotokoza za anthu a fosholo ndi a mumgodi, makamaka mdzukulu wawo. Pazikhalanso masiku a mtengo wotsika oti ana asukulu a ku Maramba ndi Dambwa, madera a mu Livingstone momwemo, akwere, chifukwa kungoona utsi ukudutsa kuseri kwa nyumba sikokwanira. Kwathu kuno nako, mutu wa sitima uja waima panja pa myuziyamu ya ku Chichiri, wa njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908, ukufunika mawu ochokera kwa madala amene anagwirapo ntchito ku Limbe. Madalawo atsala ochepa, ndipo foni yojambulira mawu aliyense ali nayo m'thumba.