Eni mapikapu, kaliyala wa padenga si chokongoletsera galimoto

Lachitatu lapitali, cha m'ma 4 koloko madzulo, ndinali pamsewu wa M1 pakati pa Kanengo ndi mphambano yolowera ku Area 25, ndipo zimene ndinaona zikundisowetsabe mtendere. Toyota Hilux ina imene inasenza matabwa padenga inamanga mabuleki mwadzidzidzi chifukwa minibasi ya kutsogolo kwake inaima kuti itsitse munthu. Galimoto inaimadi, koma katundu sanaime. Kaliyala yense anazuka pamodzi ndi matabwa ake, n'kukhula boneti, n'kukagwera m'mbali mwa msewu pamalo amene mnyamata wa kabaza anali atangodutsa, atanyamula mayi wobereka mwana kumbuyo. Mnyamatayo akanachedwa pang'ono chabe, bwenzi tikukamba za maliro atatu.

Ndinatsika kuti ndione ndi maso anga. Miyendo inayi ya kaliyalayo inali yogwiritsidwa ndi timasikuluu tija timakhomera malata, ndipo chitsulo cha denga chinang'ambika ngati chitini. Powotcherera panali timadontho tiwiri tokha pangodya iliyonse, tophimbidwa ndi penti yakuda. Mwini galimotoyo, bambo wa imvi ngati ine ndemwe, anaima atagwira m'chiuno n'kumati, "Ndi ngozi basi, akuluakulu." Ngozi yanji imene munthu waipangitsa yekha, n'kuilipirira ndalama, n'kuikweza padenga la galimoto yake?

Kodi tinayamba liti kuganiza kuti aliyense wodziwa kuwotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ndiye kuti angathenso kupanga chinthu choti chinyamule katundu pamwamba pa mitu ya anthu, galimoto ikuthamanga makilomita 80 pa ola? Sindikunyoza amisiri athu a ku Biwi, Mchesi ndi Kawale, pakuti alipo aluso amene ntchito yawo ndimailemekeza. Ndikudzudzula inu eni galimoto amene mumanenerera mtengo mpaka mmisiri agwiritse ntchito mapaipi opyapyala a mipando, kenako mumamuimirira pamsana kuti amalize lero lomwe chifukwa mawa muli ndi ulendo wa ku Kasiya. Ena mumagula kaliyala wochotsedwa pa Nissan Hardbody n'kumukakamiza pa Ford Ranger kapena Isuzu D-Max, mipata yotsalayo n'kutsekamo zidutswa za tayala, ngati kuti madenga onse anaumbidwa m'chikombole chimodzi.

Ndani mwa inu anatsegulapo buku la galimoto yake kuti aone kulemera kumene denga limaloledwa kunyamula? Magalimoto ambiri salola kupyola makilogalamu 100 pamene akuyenda, ena ndi ocheperapo ndithu, ndipo kulemera kwa kaliyala mwiniyo kumawerengedwa momwemo. Kaliyala wachitsulo akakhala wa makilogalamu 30, matumba awiri okha a simenti a makilogalamu 50 apyola kale malire. Koma inu mumasanjikiza matabwa aawisi, matumba a chimanga, zigubu za madzi ndi tayala la sipeya, n'kulowa nazo mumsewu wa maenje wa kumudzi, kumene bampu iliyonse imamenyetsa katunduyo padenga ngati hamala. Mukafika pokhota galimoto n'kuyamba kupendama ngati bwato, mumadabwa chiyani? Katundu wolemera malo ake ndi m'bodi, pansi, osati pamwamba pa mutu wa dalaivala.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi awa amene amawotcherera felemu imodzi youma kuchokera padenga la kutsogolo mpaka kumapeto kwa bodi. Kodi simunaonepo kuti pa pikapu, kokhala anthu ndi bodi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chilichonse chimagwedezeka pachokha galimoto ikamadutsa m'mabampu? Mukazimanga pamodzi ndi chitsulo chosapindika, china chiyenera kuthyoka, ndipo chimathyoka tsiku limene mwanyamula katundu, osati galimoto ili pakhomo. Enanso amaboola denga mwachisawawa, osayang'ana kuti pansi pake padutsa mawaya kapena ma airbag a m'mbali, matumba aja amafufuma pangozi kuti ateteze okwera, osaikapo mphira wotchinga madzi. Mvula ikayamba mu Novembala madzi amalowa, dzimbiri limadya chitsulo mozungulira bawuti, ndipo pofika nthawi yokolola kaliyala wangotsala pang'ono kuuluka.

Nanga zomangira? Malegeni odula ku chubu chakale angagwire mtolo wa nkhuni panjinga, koma kodi angagwire mapaipi a mamita 6 kapena malata amene mphepo ikuwanyamula ngati mapiko pamsewu wa ku Mchinji? Malamba okoka ndi chitsulo alipo m'masitolo a zipangizo mumzinda muno, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa galasi lakutsogolo limene mudzaphwanye. Nsalu yofiira yopachika kumapeto kwa katundu wotulukira kumbuyo nayonso yakhala ngati chinthu chochititsa manyazi, moti wa njinga yamoto wobwera m'mbuyo amazindikira nsonga ya paipi itamufika pamphuno. Ndipo sipanala mukuisungira chiyani ngati simungathe kumangitsanso mabawuti mukabwera ulendo woyamba? Mabawuti amamasuka, makamaka m'misewu yafumbi, ndipo kaliyala akayamba kulira kuti gwedegwede wakuuzani kale, koma inu mumangokweza wailesi.

Musadikire kuti apolisi apamsewu kapena oyeza galimoto popereka COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, akuuzeni zimene mukuzidziwa kale. Amene amayenda m'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi ana asukulu, amayi ogulitsa tomato ndi anyamata akabaza, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anavomera kuti afere ndalama zochepa zimene munapulumutsa kwa wowotcherera. Ngati simungathe kugula kaliyala woyenera galimoto yanu ndi kumumangitsa kwa mmisiri wodziwa, chotsani chigobacho lero lomwe, matabwa anuwo mukabwerekere lole.