Kukomoka pabwalo si chamuna ayi

Lamlungu lapitali titaweruka ku tchalitchi, mnzanga wina amene mwana wake ali ku koleji ku America anandikokera pambali kuti andiuze nkhani imene iye amati ndi yonyaditsa. Mnyamatayo amasewera basketball m'timu ya sukulu yake. Akuti tsiku lina ali mkati mokonzekera masewera anangoona mdima m'maso nkugwa. Anzake anamuthira madzi, namukupiza ndi malaya, iye nkudzuka, nkupitiriza kuthamanga ngati palibe chachitika. Onse anapangana kuti dokotala wa timu asamve, poopa kuti angamuike pabenchi. Bambo akewo amafotokoza zimenezi akumwetulira, chifuwa chili patsogolo, amvekere, "Mwana wanga ndi chitsulo, magazi a kwathu amenewo."

Achimwene, mwayamba liti kuombera m'manja maliro a mwana wanu? Ndinawauza pamaso, ndipo ndikulemba pano chifukwa ndikudziwa kuti si iwo okha.

Kodi dzina la Hank Gathers munaliiwala? Mnyamata wa basketball wa pa yunivesite ya Loyola Marymount ku Los Angeles, amene mu nyengo ya 1988 mpaka 1989 anaposa osewera onse a m'makoleji akuluakulu a ku America pa kugoletsa ndi pa kutola mipira yobwerera. Pa 9 December 1989 anakomoka pabwalo akusewera ndi UC Santa Barbara. Madokotala anapeza kuti mtima wake umagunda mosalongosoka akathamanga, namupatsa mankhwala a Inderal. Iye anadandaula kuti mankhwalawo akumulemetsa miyendo, ndipo mlingo wake unachepetsedwa. Pa 4 March 1990, akusewera ndi Portland, analumpha nkuthira mpira mu dengu mwamphamvu, holo yonse ili chiimire kukuwa, nathamanga kubwerera pakati pa bwalo. Anagwera pomwepo. Anayesa kudzuka, analephera. Anamwalira usiku womwewo ali ndi zaka 23. Makina odzidzimutsa mtima analipo m'holomo, ogulidwa chifukwa cha iye yemweyo, koma sanamuike pamalo pamene anagwerapo. Mtima unachenjeza miyezi itatu m'mbuyo. Anthu anaona kuti zigoli ndiye zofunika.

Nanga Reggie Lewis? Anatuluka ku yunivesite ya Northeastern nakhala kaputeni wa Boston Celtics, timu ya mu ligi yaikulu ya basketball ku America. Anagwa pabwalo mu April 1993. Gulu la akatswiri a mtima linamuuza kuti vuto ndi lalikulu. Anapita kwa dokotala wina, amene anati ndi kukomoka wamba kosaopsa. Pa 27 July chaka chomwecho anagwanso akuponya mpira pa Brandeis University, osadzukanso. Zaka 27. Ndiye inu mudzikhala mukuzungulira zipatala kufuna amene akuuzeni zokoma m'khutu?

Anyamata inu, ndiyankhule nanu. Fomu ija amakupatsani musanayambe nyengo ya masewera, yofunsa ngati munakomokapo, ngati chifuwa chimakupwetekani mukathamanga, ngati kubanja kwanu alipo amene anafa mwadzidzidzi akadali wamng'ono, mumangolemba "ayi, ayi, ayi" mpaka pansi osawerenga nkomwe. Mukunamiza ndani? Amalume anu aja anangogwa ali ndi zaka makumi atatu, pamaliro anthu nkumanong'onezana kuti anachita kulodzedwa, simukuona kuti dokotala akufunika kudziwa zimenezo? Thupi latentha ndi chimfine, mwamwa mapilitsi awiri nkulowa m'bwalo, ngati simudziwa kuti tizilombo ta chimfine timatha kutupitsa mnofu wa mtima. Usiku simunagone, m'mawa mwakhuthulira m'mimba zitini za zakumwa zopatsa mphamvu, mtima ukuchita kudumpha m'chifuwa, inu nkumati ndi "moto wa gemu". Mukuopa kutaya sikolashipu. Kodi sikolashipuyo amapereka kwa munthu wagona m'bokosi?

Musandiuze kuti zimenezi ndi za kamodzikamodzi. Dokotala Kimberly Harmon wa ku University of Washington ndi anzake anawerenga imfa za osewera a m'makoleji a NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji ku America, kuyambira 2003 mpaka 2013. Pa osewera onse, imfa yadzidzidzi ya mtima imagwera munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 54,000 pachaka. Koma pa anyamata a basketball a mu Division I, gawo lapamwamba la makolejiwo, ndi mmodzi pa 5,200. Ndipo osewera akuda ali pachiopsezo chachikulu kuposa azungu. Ana athu omwewa, ataliatali amene timawanyadira pa Facebook.

Makochi nanunso muli ndi mlandu. Mwana wagwira pachifuwa, wawerama, akupuma mobanika, inu mukumukalipira kuti ndi waulesi, athamangenso kawiri. Mwana akaona kuti mnzake amene ananena zoona wakhala pabenchi mwezi wathunthu nkuiwalika, mukuganiza kuti iye adzanena? Chinsinsi chimene anyamata amapangana m'chipinda chosinthira zovala munachiphunzitsa ndinu.

Ndipo inu a pa intaneti, mwandikwana. Pa 12 December 2020 Keyontae Johnson wa yunivesite ya Florida anagwa chafufumimba ku Tallahassee akusewera ndi Florida State, atangomaliza kugoletsa mokongola. Anagonekedwa chikomokere masiku atatu. Mpaka lero kanema wake amazungulira m'magulu a WhatsApp, aliyense ndi nzeru zake: wina akuti ndi mankhwala ozunguza bongo, wina akuti ndi ziwanda, wina akuti ndi katemera wa Covid. Katemera uti, poti tsiku limenelo ku America anali asanayambe nkubaya komwe anthu wamba? Nanga Gathers mu 1990 anabayidwa katemera wa Covid? Marc-Vivien Foé, wosewera mpira wamiyendo wa ku Cameroon, amene tonse tinamulira atagwa pakati pa bwalo ku Lyon mu 2003, anabayidwa ndani? Mukamafalitsa mabodza otere, mayi amene mwana wake akumva chizungulire amathamangira kokapempheredwa kokha, ku chipatala osapondako.

Taonani zimene zimachitika anthu akakhala okonzeka. Pa yunivesite ya USC ku Los Angeles, mtima wa Vince Iwuchukwu unaima ali pa zokonzekera mu July 2022. Chaka chotsatira, pa 24 July 2023, zomwezo zinamuchitikira Bronny James, mwana wa katswiri wa basketball LeBron James, ali ndi zaka 18, ndipo kenako zinadziwika kuti anabadwa ndi chilema cha mtima. Chuma chonse cha bambo ake sichinaletse mtimawo kuima. Koma onse awiri ali moyo ndipo anabwerera m'bwalo, chifukwa panali anthu amene sanataye nthawi: anagwada, nakanikiza chifuwa, nabweretsa makina odzidzimutsa mtima otchedwa AED. Keyontae nayenso, atalandira chithandizo nkupuma pafupifupi zaka ziwiri, anakasewera ku Kansas State, ndipo mu 2023 anatengedwa ndi timu ya mu ligi yaikulu ya Oklahoma City Thunder. Amene anapuma ndi kumvera madokotala akusewerabe. Ndiye mantha a benchiwo ndi a chiyani?

Makolo amene muli ndi ana m'matimu amenewa, munafunsapo kuti AED ya pa sukulupo ili pati? Ili pafupi ndi bwalo kapena yakhomeredwa mu ofesi imene kiyi wake ali ndi munthu amene wapita kutchuthi? Batire lake ndi lamoyo? Mwana wanu anamuyezapo mtima ndi ECG, makina oona kagundidwe kake? Mumafunsa za mphindi zimene wasewera, za zigoli, za nsapato zatsopano. Za mtima, zii.

Chimene chimandiwawa koposa ndi khamu la oonerera. Munthu wagwa popanda womugunda, sakuyankha, miyendo ikugwedezeka, akukoka mpweya mokhala ngati akuliza nkonono. Mmodzi akuti ndi khunyu, tifune supuni. Wina akuti musiyeni, akupuma. Kumeneko si kupuma, mtima waima! Mphindi iliyonse imene mwaimirira pamenepo mwayi wake ukutsika ndi pafupifupi 10 pa 100 aliwonse. Zofunika ndi manja awiri pakati pa chifuwa, kukanikiza mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, wina akuimbira ambulansi, wina akuthamangira makina. Zimenezi mwana wa sekondale amaziphunzira masana amodzi. Koma inu, akuluakulu athunthu, mwatulutsa mafoni, mukukankhana kuti mujambule bwino nkhope yake.

Manyazi mulibe? Bwezani foniyo m'thumba, gwadani pansi.