Woimba ndi wina, wopeka ndi wina

Ine ndakwiya, ndipo sindibisa. Dzulo madzulo pa wailesi ina, pa pulogalamu ya nyimbo zakale, mnyamata wowulutsa mawu anaika Don't Be Cruel. Itatha, iye n'kunena motsimikiza kuti imeneyo ndi nyimbo yomwe Elvis Presley anapeka yekha. Yekha? Wamuuza ndani? Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndi zimenezitu.

Nyimbo ija, ya mu 1956, anapeka ndi Otis Blackwell, munthu wakuda wa ku Brooklyn mumzinda wa New York. All Shook Up ndi yakenso. Great Balls of Fire, imene anaimba Jerry Lee Lewis, anailemba iye pamodzi ndi Jack Hammer. Ngakhale Fever ija, yomwe anayamba kuimba Little Willie John kenako Peggy Lee, muli dzanja lake, kungoti pachimbale analembapo dzina lobisalira, John Davenport. Pa Don't Be Cruel ndi All Shook Up, dzina la Elvis linawonjezedwa pambali pa la Blackwell kuti naye azidyako ndalama za wopeka, pomwe anthu awiriwa sanakumaneko n'komwe maso ndi maso. Munthu sunamuonepo, koma mwapekera limodzi nyimbo! Blackwell anamwalira mu 2002, ndipo a Rock and Roll Hall of Fame, bungwe lolemekeza akatswiri a nyimbo, anadzamukumbukira mu 2010, mwini wake ali m'manda. Ulemu wanji umenewo?

Woimba ndi wina, wopeka ndi wina. Ngati waika nyimbo pa wailesi, tchula amene anaibala. Basi. Sindikupempha zambiri.

Musandimve molakwa, Elvis ankaimba ndithu, mawu anali nawo. Koma paukwati sitingamathokoze amene wabweretsa mbale patebulo n'kuiwala amayi omwe achezera utsi usiku wonse kuseri kwa nyumba.

Tamvani za Arthur Crudup. Anajambula That's All Right mu 1946. Mu 1954 Elvis anaiimbanso ku kampani yojambula nyimbo ya Sun Records ku Memphis, ndipo ndi chimbale chimenecho chomwe chinamutsegulira njira. Nanga Crudup? Ankagwira maganyu m'minda, akulondola ndalama zake chaka ndi chaka osaziona, mpaka anamwalira ali wosauka ku Virginia mu 1974. Nyimbo ikulira dziko lonse, mwini wake ali ndi thukuta kumunda. Ndiye lero wina azibwera pa wailesi kudzamukwiriranso kachiwiri?

Pali mayi wina, Rose Marie McCoy, wochokera ku Arkansas. Ameneyu ofesi yake inali tebulo la m'lesitilanti ku New York, pomwe ankakhala ndi mnzake Charles Singleton n'kumapeka nyimbo, ofuna nyimbo n'kumawapeza pomwepo. Nyimbo zake zinafika mazanamazana. Nat King Cole anaimbako, Ruth Brown anaimbako, Elvis yemweyo anaimbako. Anamwalira mu 2015. Tafunsani amene amati amakonda nyimbo zakale ngati dzinali analimvapo. Angokuyang'anani.

Inde, tsankho la ku America nthawi imeneyo ndi makontilakiti achinyengo, zimenezo tikuzidziwa. Koma lero chikutiletsa n'chiyani? Foni muli nayo m'manja, bandulo mumagula yoonera mpira ndi miseche ya pa Facebook. Mphindi imodzi yokha kufufuza kuti nyimboyi analemba ndani, yakukanikani? Kale pachimbale dzina la wopeka linkakhala m'munsi mwa mutu wa nyimbo, m'timalemba ting'onoting'ono, ndipo amene anali ndi chidwi ankaliwerenga. Pano nyimbo timangotumizirana pa WhatsApp, ilibe mwini, ilibe chaka. Amene amalipidwa kuti atiuze, ndi amene akutisocheretsa. Tchulani wopeka. Ngati simukumudziwa, khalani chete, ikani nyimbo ilire, kusiyana n'kupereka mwana wa eni kwa mlendo.

Komanso tisamaloze ku America kokha ayi. Pitani paukwati uliwonse Loweruka, mukamva bandi ikuimba nyimbo za akuluakulu athu akale, anthu n'kumafupa ndalama mpaka fumbi koboo. Achinyamata ena akuzitenga, kuikamo ng'oma za pa kompyuta, kuzikweza pa YouTube dzina lawo lili pamwamba m'zilembo zikuluzikulu. Ukafunsa kuti wopeka ndani, akuti ndi ya makolo. Makolo ake ati? Ena mwa anthu amenewa ana awo alipo, akusowa ndi ya sopo yomwe.