Chenjezo: siteling'i ikayamba kusewera, minibasi isachoke pa depoti

Ana anga oyendetsa maminibasi muno mu Zomba, ndi inu eni ake a galimotozo, khalani pansi ndikutsineni khutu. Pali khalidwe lomwe lazika mizu pakati panu ndipo likundinyansa. Munthu akudziwa bwinobwino kuti siteling'i ya galimoto yake ili ndi pulei, ikumazungulira pang'ono matayala osamva, koma m'mawa uliwonse akudzaza anthu n'kumadzitama kuti, "Ndinaizolowera, imandimvera ine ndekha." Imakumverani? Chitsulo chodyeka sichidziwa kuti lero wagwira ndi ndani.

Amene akuti ndikukokomeza akhale mpando wakutsogolo m'ma Hiace ena opita ku Limbe, asayang'ane msewu, ayang'ane manja a dalaivala. M'tauni muno mpaka ku Three Miles zonse zimaoneka bwino poti liwiro ndi lochepa. Msewu ukatseguka kulowera ku Thondwe, singano n'kukwera, manja aja sakhalanso phee. Kumanja pang'ono, kumanzere pang'ono, kumanjanso. Galimoto ikuthawira kumzere wapakati, aibweza, ikuthawira kumphepete kumene kuli akabaza, aibwezanso. Thiraki ikadutsa, mphepo yake yokha ikuikankha. Mwiniwake ali pa foni, dzanja limodzi likupeta siteling'i ngati mayi wopeta mphale m'lichero.

Werengani nokha. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Pa 100 ndi pafupifupi mamita 28. Kanthawi kamene siteling'i ikuzungulira yokha matayala asanamve, mwadutsa kale nyumba ziwiri musakuwongolera kanthu. Tsiku la msika pa Thondwe kapena pa Songani, mamita amenewo muli mayi wa dengu la tomato ndi mwana wothamangitsa mbuzi.

Tsono matendawa amapimika, si ufiti ayi, ndipo kupima kwake sikufuna kompyuta. Choyamba musamasakanize zinthu ziwiri. Siteling'i yonjenjemera m'manja pa liwiro lina lake, n'kusiya mukachepetsa, kawirikawiri ndi matayala ofuna balansing'i, limu lopindika kapena tayala lotupa. Ikamanjenjemera pokhapokha mwaponda buleki, kayang'aneni ma disc a buleki. Zomwe ndikunena ine ndi galimoto yoyenda peyupeyu, yosagwira mzere, yofuna kuibweza nthawi zonse. Imeneyo ndiyo yakupha.

Yambani ndi zosalira ndalama. Pimani mpweya matayala akadali ozizira, ndi geji, osati ndi chidendene monga mumachitira pa siteji. Mulingo wake unalembedwa pa kapepala komata pakhomo la dalaivala kapena m'buku la galimoto. Kenako werengani zomwe zalembedwa pa tayala. Hiace imafuna matayala onyamula katundu, aja okhala ndi chilembo C, monga 195R15C. Inu mumakatola a kaunjika ochokera pa galimoto yaing'ono chifukwa choti alowa pa limu. Nthiti zake ndi zofewa, zimapindika ndi kulemera, ndipo galimoto imayandama ngakhale zitsulo zonse zili zatsopano. Kutsogolo kumanja mtundu wina, kumanzere mtundu wina, lina lili chidazi. Pa nthiti pomwepo pali manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka chomwe tayala linapangidwa. Mukapeza 2314, limenelo ndi la mu 2014, ngakhale wogulitsa alipake polishi chotani.

Za katundu ndinene mwachidule, poti mukuzidziwa koma mumachitira dala. Matumba a mpunga ndi madengu a nsomba za ku Kachulu mukawaunjika kumbuyo kwenikweni, chitseko n'kuchimanga ndi chingwe, kumbuyo kumakhala pansi, mphuno imadzuka, matayala akutsogolo amapepuka. Owongolera ndi omwewo. Galimoto ikamayenda bwino ili yopanda kanthu n'kuyamba misala ikadzaza, musavutitse siteling'i. Yang'anani kapakiridwe kanu, mashoko, masipuling'i akumbuyo ndi ma U-bolt ake.

Zimenezi zikakhala bwino, pimani pulei. Imikani pamalo osalala, matayala aloze kutsogolo, injini ilire ngati ili ya power steering. Gwirani siteling'i ndi zala ziwiri, isuntheni pang'onopang'ono uku mwasuzumira pawindo kuyang'ana tayala. Mtunda umene yayenda tayala lisanagwedezeke usapitirire masentimita atatu, kunena kwake zala ziwiri zogundana. Ndinaonapo ina yoyenda chikhatho chathunthu, mnyamata wake akuti m'mawa womwewo wachokera nayo ku Liwonde. Ndinangogwira pakamwa.

Pulei ikapezeka, funso ndi lakuti ikuchokera pati. Apa pafunika anthu awiri, ndipo kondakitala amene mumangomutuma ndudu uja akhale ndi ntchito. Matayala akhale pansi, handibuleki yokoka, miyala kumatayala akumbuyo. Iye akhale pampando azigwedeza siteling'i uku ndi uku mosalekeza. Inu gonani chammbali ndi tochi, mutsate chitsulo chilichonse kuchokera kumwamba. Pa Hiace dalaivala amakhala pamwamba pa tayala, choncho mpini wa siteling'i sutsika molunjika ku rack, chitsulo chopingasa chimene chimakankha matayala kuti akhote. Umadutsa pa timajointi ndi kabokosi ka magiya kokhotetsa njira, ndipo ponsepo pangabisale pulei. Ikani dzanja pa jointi iliyonse. Mbali imodzi ikasuntha inzake n'kuchedwa, kapena mukamva kuti go! go! m'chikhatho, mwaupeza. Onaninso rack yeniyeniyo: ikamasuntha yonse pamene inamangidwa, ma bush ake, timalabala toigwira, atha. Kenako ma rack end omwe amabisala m'kati mwa malabala opindikapindika aja, ndi ma tie rod end, timajointi ta kumapeto tolumikiza rack ndi tayala. Labala long'ambika ndi umboni wokwanira. Girisi anatuluka, fumbi ndi madzi a dzinja zinalowa, ndipo mchenga wakhala ukupera chitsulo kuyambira tsiku lomwelo. Maenje ndi m'mphepete modyeka mwa misewu yathu zimangomaliza ntchito.

Mukatero kwezani kutsogolo ndi jeke, muikepo sitandi kapena chipika cholimba. Pansi pa galimoto yodalira jeke yekha salowapo munthu wofuna kukalamba. Gwirani tayala kumanja ndi kumanzere, ligwedezeni: likagogoda, ganizirani tie rod end kapena rack end. Ligwireni pamwamba ndi pansi: likagogoda, ndi ball joint (jointi imene tayala limakhoterapo) kapena bering'i. Kuti musiyanitse, mnzanuyo aponde buleki. Kugogoda kukatha ndi bering'i, kukapitirira ndi ball joint kapena ma bush. Ball joint ina imabisa matenda ake mpaka mutaipana ndi chitsulo chopanira matayala, ndiye musakhutire ndi kugwedeza kwa manja kokha.

Galimoto zina, makamaka zakale ndi maveni akuluakulu a ku America monga Ford Econoline, zilibe rack, zili ndi steering box, ndipo zina mwa izo zili ndi idler arm, kamkono kogwiriziza zitsulo za siteling'i, komwe nakonso kamadyeka. Pamwamba pa bokosilo pali kasikuluu kochepetsera pulei. Amakaniko aulesi amathamangira pomwepo n'kukamanga mpaka kulira. Pulei imaonekadi ngati yatha, koma siteling'i imauma pakati, siibwerera yokha mukatuluka pa kona, ndipo magiya am'kati amadyana msanga. Kasikuluu kameneko n'komalizira, zina zonse zitapimidwa, ndipo kamasunthidwa pang'ono zedi.

Apa ndiye pali mkwiyo wanga weniweni, ndipo ndikulankhula ndi inu amakaniko a pansi pa mtengo pamodzi ndi amene amakutumani. Tie rod end yatha, m'malo mogula ina mwaivula, mwaiika pa mwala, mwaipuntha ndi hamala kuti chikho chake chifinye mpira wachitsulo uja. Ena mumalowetsamo kachidutswa ka chubu kapena ka pulasitiki. Mwaibwezera, pulei yatha, bwana wamwetulira. Mwachiritsa chiyani? Chitsulo chodyeka chija mwachiwonjezera ming'alu. Pa nati pamene pamayenera kulowa split pin, kapini koletsa natiyo kumasuka, mwalowetsa msomali wa denga, pena osalowetsa kanthu. Dziwani kuti tie rod ikazuka, tayala limenelo silimvanso siteling'i, limaloza kumene lafuna. Ball joint yam'munsi ikathyoka, tayala limapindikira m'kati, mphuno ya galimoto n'kugwa pa phula. Zikachitikira pa Mpondabwino mukuyenda pang'onopang'ono, anthu amangoseka n'kutsika. Zikachitikira pa mtsetse wa ku Namadzi, anthu oposa khumi ali m'katimo, nkhani yake imakathera ku wodi ndi ku mochale. Ndipo pa Hiace, miyendo ya dalaivala ndi imene ili kutsogolo kwa zonse.

Inu eni galimoto, musabisale kumbuyo kwa anyamatawa. Mnyamata akabwera madzulo n'kunena kuti, "Bwana, galimoto ikuyenda mokhota," yankho lanu limakhala lakuti, "Tageti yakwana?" Iye poopa kuchotsedwa ntchito amatseka pakamwa, mawa n'kuidzutsanso. Mtengo wa ma tie rod end awiri muuyerekeze ndi wa galimoto yonse, musanawerengere bokosi la maliro ndi milandu. Musandionetsenso pepala la COF, lija lonena kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Pepalalo likunena za tsiku limene galimoto inapimidwa, ngati inapimidwadi. Maenje omwe yagunda kuchokera tsiku limenelo sanalembedwepo. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chimaimba: chimagogoda pa bampu iliyonse, chimadya tayala mbali imodzi, chimatopetsa mapewa a dalaivala. Inu ndi amene mumakweza wailesi.

Nanunso apaulendo, amayi ndi abambo anzanga, muli ndi pakamwa. Mukaona manja a dalaivala akuvina, nenani kuti achepetse liwiro. Akakuyankhani mwamwano, tsikani pa siteji yotsatira. Musachite manyazi kuti ena akutchani amantha.

Dalaivala, zikakuyambira uli kale pa liwiro, usaponde buleki mwadzidzidzi ndipo usalimbane nayo mokoka. Gwira ndi manja onse awiri, chotsa phazi pa moto, ilekere ichepetse yokha, buleki uziponda mofatsa, upatuke pamalo abwino. Anthu uwakweze ina.

Ndipo mukasintha zitsulo, ntchito sinathe. Tie rod ikasinthidwa, alayimenti imasokonekera. Kuwerenga mizere ya nati kapena kukoka chingwe kumangokuthandizani kukafika kumene kuli makina. Matayala akutsogolo akayang'ana kunja ngakhale pang'ono, galimoto imathawathawabe ndipo matayala atsopano amadyeka msanga. Kumakinako muwauze apimenso caster, poti ndi imene imabweza siteling'i pakati ndi kugwiritsa galimoto mzere ikathamanga. Ambiri amangokonza toe, kuloza kwa matayala m'kati kapena kunja, n'kukulipiritsani. Mukachokako iyeseni yopanda anthu, muyambe ndi 40, kenako 60, kenako 80, pamsewu wowongoka wopanda msika. Ikathawabe, bwererani pansi pa galimoto ndi tochi, pali chomwe mwachidumpha.