Chenjezo kwa inu mukuthamangira sola yotchipa

Abale anga tamverani. Sola ya padenga ine ndimaikonda, mtengo wa mapanelo unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020 moti lero ngakhale banja lopeza movutikira likhoza kuyatsa nyumba. Koma zomwe mukuchita ena mwa inu zikundiwawa mtima.

Munthu wasunga kandalama miyezi yambirimbiri, wagula panelo ndi batire, kenako akuti kontilola, kachipangizo koteteza batire kuti isadzadze kapena kutsika mopyola muyezo, nkuwononga ndalama, basi waya kuchokera padenga mpaka pa batire osadutsa pena paliponse. Mukudziwa chomwe mukuchitacho koma? Dzuwa likaswa mtengo batire ija imadzadza mopyola muyezo, madzi amkati kuwira mpaka kuuma, usiku mukuikamanso mpaka babu kufiira ngati khala. Batire ya asidi sifuna kutsika kupyola theka, mukamaizunza choncho miyezi yochepa yafa pomwe panelo yeniyeni imatha zaka 25 ikugwirabe ntchito. Ndiye mwapulumutsa chani? Chomwe chimadya ndalama pa sola ndi batire yogula mobwerezabwereza, ndipo wosauka ndamene sangakwanitse kugula kawiri.

Enanso mwazula batire ya galimoto. Imeneyo anaipanga kuti ilize injini kamphindi, sikuti iyatse nyumba usiku onse ayi. Simbi ndi ketulo zimakoka ma watts 1000 kapena kuposa, inu mukulumikiza pa kapanelo ka 100 nkumadabwa inveta, kabokosi kosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, ikamalira. Safunsa anadya phula, funsani odziwa musanagule.

Choopsa kwambiri ndi timawaya towonda topanda fyuzi, tomanga ndi pepala la pulasitiki kudutsa pa mitengo ya denga. Waya akatentha moto sukufunsani. Ndipo batire chotsani kuchipinda kogona ana, ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen omwe umayaka.

Tsopano inu amene munatenga sola yolipira pang'onopang'ono pa foni. Njira imeneyi ndiyomwe yathandiza mabanja osauka kupeza magetsi popanda kutulutsa ndalama yonse tsiku limodzi, koma inu mwalipira miyezi iwiri mwaitana kamnyamata katsegule bokosi kadule loko yomwe imazimitsa magetsi mukasiya kulipira, ati ndinu ochenjera. Manyazi mulibe? Ogulitsa akaluza amakweza dipoziti, mayi wamasiye yemwe amasunga kuti atenge yake mwezi wamawa akafika nkupeza ndalama yake sikukwananso chifukwa cha inu.