Timu ikagwirana manja ndi obetchetsa, ndiwo yake ndi ife masapota

Abale anga lero mundilole ndilankhule za kubetcha, ndipo ndineneretu kuti sindikulankhula ngati m'busa ayi, ine ndemwe ndabetchapo, ndadyedwapo, ndiye amene mukufuna kundiponya miyala dikirani kaye ndimalize. Ndimakhala ku South Bend, mu state ya Indiana kuno ku America, komwe a Malawi tilipo ambiri ndithu moti ukalowa mu shopu ina umangomva munthu kuseri kwa shelefu akukuwa pa foni kuti "mwalandira ndalama ija?" Ndimagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, ndipo kubetcha ndinakuphunzirira komweko, nthawi ya break cha m'ma 2 koloko usiku agogo onse atagona, anzanga aliyense maso pa foni ngati akuwerenga Baibulo.

Kuno kubetcha pa masewero nkololedwa, izi zisakuvuteni. Kale kunali lamulo la dziko lonse la 1992 lomwe limatsekereza ma state ambiri, koma mu May 2018 khothi lalikulu la America linalithetsa pa mlandu womwe state ya New Jersey imakokana ndi mabungwe a zamasewero, ndiye state iliyonse inapatsidwa ufulu woona yokha chochita. Indiana sinachedwe. Mu 2019 bwanamkubwa wa nthawiyo Eric Holcomb anasainira lamulo, pa 1 September chaka chomwecho anthu anayamba kubetcha m'ma casino, iye mwini anapita ku Shelbyville kukaponya kake pa matimu a kwawo, a Colts a American football, Pacers ndi Fever a basketball, makamera ali pheee. Mu October za pa foni zinayamba. Chondiseketsa nchakuti bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewero a m'makoleji ndipo linali patsogolo kukana zobetchazi ku khothi, likulu lake lili mu Indianapolis momwemu. Anakana mpaka kukhothi lalikulu, kenako zinthuzo zinabwera kudzawakhalira pakhomo.

Mmene zimayendera nzosavuta, mwina kusavutako ndiye vuto lake. Ukhale ndi zaka 21, ukhale mkati mwa Indiana nthawi yomwe ukubetchayo, upereke dzina ndi manambala a social security, basi watsegula akaunti uli chigonere pa bedi. Ma app alipo ambiri, DraftKings, FanDuel, BetMGM, Caesars, BetRivers ndi ena, ndipo iliyonse imayenera kumangirizidwa ku casino ya mu state momwemu, mwachitsanzo FanDuel inalowera ku Blue Chip ya ku Michigan City. Owayang'anira ndi Indiana Gaming Commission, ndipo boma limadulapo msonkho wa 9.5 peresenti pa ndalama zomwe makampaniwo atsala nazo akalipira owina. Ife a ku South Bend tili pafupi kwambiri ndi malire a Michigan, ku Niles ndi pompano apa, ndiye foni imayamba yafufuza kaye komwe waima isanakulole kuponya tikiti. Mnzanga wina amakhala chakumalire konko, tsiku lina ndinampeza ali panja pa khonde kukuzizira, chipale chili mbuu, akuzungulirazungulira ndi foni m'mwamba kuti imuone kuti ali mbali iti, ngati mmene timasakira netiweki pa chulu kumudzi kuja. Ndinaseka mpaka misozi koma pano ndikaganiza sizoseketsa kwenikweni.

Ndiye kumbali yololeza ija ine ndilibe nayo mlandu kwambiri, ndinene zoona. Anthu amabetcha kale ndi kale, lamulo lilipo kapena palibe, ena kwa anyamata a m'makona ena pa ma website a kunja omwe ukawina zambiri amangozimitsa nyale osawaonanso. Bola pano ukawina ndalama yako imabwera, pali kokadandaula, mwana wa zaka 16 sangangotsegula akaunti mwachisawawa, komanso munthu ukaona kuti zakukulira ukhoza kudzilembetsa kuti akutsekere. Zimenezo ndimavomereza. Koma kuloledwa kumangotanthauza kuti akakudya akudya mwadongosolo ndipo boma lilandirapo gawo lake, sikutanthauza kuti masamu ake asintha kukomera iwe.

Masamuwo ndi awa, poti ambiri timangoponya osawaona. Pa gemu yomwe mbali ziwiri azilinganiza, ma odds ambiri amakhala -110 mbali zonse, kutanthauza kuti uike madola 110 kuti uwine 100. Ine ndaika 110 mbali iyi, achimwene aika 110 mbali inayo, pamodzi 220, wowina alandira 210, ten dollars yatsala kwa eni app osatuluka thukuta. Kuti ungobweza zako zokha uyenera kumalondola magemu opitirira 52 pa 100 aliwonse, ndipo amene amadziwa mpira amakuuzani kuti kuchita zimenezo chaka chonse si masewera. Tsono ife sitibetcha gemu imodzi, timakonda tikiti yaitali ija, kuno amati parlay, matimu 8 kapena 10 pa tikiti imodzi kuti 5 dollars ibale 900. Pa tikiti yotero kagawo ka eni app kaja kamachulukana pa gemu iliyonse yomwe waonjezera, nchifukwa chake ukangotsegula app chinthu choyamba kukulandira ndi parlay yokonzeratu, yokongola, angokusiyira kudina. Ndipo nyimbo yake ndi imodzi kuyambira ku Ndirande mpaka ku Indiana, "aise timu imodzi yokha ndi yomwe yandiphera tikiti." Timu imodzi yokha, sabata iliyonse.

Chomwe chimandiwawa ine ndi matimu. Kampani yobetchetsa ndi bizinesi, sibisa, ntchito yake ndi kudya ndalama zathu ndipo tonse tikudziwa. Koma timu ndi nkhani ina. Timu umaikonda ngati m'bale, umagula jezi ya madola ambirimbiri, ikaluza nsima siilowa, mwana wako umamuphunzitsa kuimba dzina lake. Ndiye timu yomweyo ikatenga chikondi chimenecho nkukachigulitsa kwa obetchetsa, kunena kuti awa ndi anzathu ovomerezeka, masapota athu tiwapatse moni, apo ine ndimaona ngati malume ako enieni akukulondolera njira ya ku juga iwo nkumalandira kangachepe pakhomo polowera. A Colts analowa mgwirizano ndi Caesars, dzina mpaka kuoneka ndithu ku bwalo lawo la Lucas Oil Stadium. Ligi yonse ya NFL, momwe a Colts amaseweramo, mu 2021 inatenga Caesars, DraftKings ndi FanDuel kukhala abwenzi ake, ligi yomweyo yomwe zaka zingapo m'mbuyomo inali nawo kukhothi kunena kuti kubetcha kuononga masewero. Ku basketball nako, mu 2024 tchanelo yomwe imaonetsa magemu a Pacers inasinthidwa dzina kuchoka pa Bally Sports kukhala FanDuel Sports Network, ndiye tangoganizani, kuti uonere timu yako unkayenera kutsegula tchanelo yomwe dzina lake lenilenilo linali la obetchetsa. Munthu amene akuyesetsa kusiya athawira kuti? Zili ngati chidakwa chomwe chasiya mowa koma tchalitchi chake chimapempherera mu bala.

Ndiye taonani zomwe zinachitika mu June 2023. NFL inaimitsa osewera awiri a Colts, Isaiah Rodgers ndi Rashod Berry, kwa sizoni yonse chifukwa chobetcha pa magemu a ligi, ndipo timu inawachotsa nthawi yomweyo. Musandimve molakwa, wosewera sayenera kubetcha pa ligi yake, chilango chinayenera, Rodgers mwini wake anavomera poyera kuti analakwitsa. Koma taganizani mnyamata wa zaka za m'ma 20, tsiku lililonse akulowa mu bwalo lomwe zikwangwani za obetchetsa zili ponseponse, akayatsa TV ndi zomwezo, mabwana ake akulandira cheke kuchokera kwa anthu omwewo, kenako iye akagwa mu dzenje lomwe eni ake akumba pakati pa bwalo mabwana aja ndi oyamba kuvala nkhope ya chisoni kukamba za ulemu wa masewero. Ulemu wake uti? Mwamwayi mnyamatayo anadzuka, anapita ku Philadelphia Eagles mpaka kukawina nawo Super Bowl mu February 2025, koma si onse amadzuka choncho. Jontay Porter wa Toronto Raptors anamuletsa kusewera mu ligi ya basketball ya NBA moyo wake wonse mu 2024, pa nkhani yodzitulutsa dala mu gemu kuti obetcha ena awine.

Ena munena kuti ndalama za mgwirizanozo zimathandiza timu. Kwathu mwina ndingamve, timu ya mu Super League yomwe osewera atha miyezi osalandira, basi yopita ku Karonga mafuta ake osadziwa achokera kuti, ikapeza kampani yobetchetsa yoti iike dzina pa jezi sindingaiweruze msanga, njala ilibe manyazi. Koma Colts? Matimu a NFL amagawana mabiliyoni a ma TV chaka chilichonse, palibe wosewera amene angagone ndi njala chifukwa chikwangwani cha obetchetsa chachotsedwa. Si njala imeneyo, ndi dyera basi. Ngakhale ku England komwe jezi zinadzaza ndi makampani a juga, matimu a Premier League anagwirizana okha kuti kuyambira sizoni ya 2026/27 achotse maina amenewo pachifuwa pa jezi. Sanachotse paliponse, pamkono ndi m'mbali mwa bwalo akhalabe, komabe avomereza kuti pali chinachake chonunkha. Kuno ku Indiana amene anaonetsako manyazi ndi a yunivesite ya Purdue, omwe mu 2019 analetsa aphunzitsi, antchito ndi ophunzira awo kubetcha pa matimu a sukulu yawo.

Yanga inandipeza mu June 2025. Pacers inafika mu fainolo ya NBA kukumana ndi Oklahoma City Thunder, state yonse inapenga, ngakhale agogo a kuntchito kwathu ena omwe sakumbuka dzina la mwana wawo ankafunsa kuti Pacers yatani. Ine ndinali nditasunga madola 400 oti nditumize kumudzi, mayi anali atandiuza kuti ya fizi ya mlongo wanga wamng'ono komanso malata awiri atatu a khitchini yomwe denga lake linasasuka ndi mphepo. App ina, sinditchula dzina, inali ikunditumizira mauthenga sabata yonse, bonasi apa, boost apo, sapota weniweni amaima ndi timu yake. Ndipo ine mumtima ndinkadziuza kuti sindikutchova juga ayi, ndikusapota. Mwaiona nkhani yake? Mawu akuti juga sanabwere nkomwe m'mutu mwanga, chifukwa dzina la kampani ndi dzina la timu ndinali nditazolowera kuziona pamodzi ngati nsima ndi ndiwo. Gemu ya 7, yomaliza yeniyeni, pa 22 June, ndinaika yonse pa Pacers. Kota yoyamba katswiri wa Pacers Tyrese Haliburton anayamba bwino kwabasi, mipira itatu ya 3 points motsatizana, ine ndili chiimire pa sitting room ndikuwerengera kale kuti mayi ndiwatumizira ya khitchini yonse osati malata atatu. Kenako mnyamata uja anagwa, mtsempha wa kuchidendene waduka, akumenya pansi ndi dzanja akulira. Ndipo ndikuuzeni chinthu chomwe chimandichititsa manyazi mpaka lero, munthu akulira ndi ululu pa TV, chomwe chinabwera m'mutu mwanga choyamba sichinali chisoni ayi, chinali 400 yanga. Wosewera amene ndinkamukonda chaka chonse, pa mphindi imeneyo ndinamuona ngati hatchi yomwe yandigwetsa.

Chimenecho ndiye chomwe mgwirizano wa matimu ndi obetchetsa umaba, kuposa ndalama. Kale timu ikaluza timadandaula limodzi, kutukwana kochi pang'ono, mawa kuiwala. Pano munthu timu yake yawina koma wakwiya chifukwa sinawine ndi mapointi okwanira, kapena wosewera wakuti sanafike pa nambala yomwe anabetchera, mpaka ena kumakawatukwana osewera pa Instagram, ana a sukulu a m'makoleji omwe. Pa break kuntchito kuja masiku ano palibe amene amakamba kuti gemu inali yokoma, nkhani ndi yakuti ndani wadya ndani wadyedwa.

Ine ndikanakhala wolemba malamulo ku Indianapolis sindikanatseka ma app ayi, akhale, amene akufuna akawapeze yekha ngati mmene munthu amapitira ku bala akudziwa komwe akupita. Koma ndikanati dzina la obetchetsa lichoke pa bwalo, lichoke pa tchanelo, lichoke pakamwa pa owulutsa gemu, ndipo mawu oti "bwenzi lovomerezeka la timu" asamveke. Paja pansi pa malonda aliwonse amalemba ka nambala kothandiza omwe juga yawagwira, 1-800-9-WITH-IT, timalemba ting'onoting'ono tothamanga ngati tikuthawa galu, pomwe bonasi ili m'zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha msonkhano wa chipani. Angosinthanitsa kukula kwa zilembozo kwa mwezi umodzi tione.

Mayi ndinawauza kuti kuntchito achedwetsa malipiro. Anangoti "chabwino mwanangu, Mulungu akudalitse, usamadzipanikize," ndipo mawu amenewo anandipweteka kuposa akanandikalipira. Ndinagwira ma double shift sabata ziwiri kuti ndibweze, miyendo kutupa, ndalama inapita mochedwa mlongo wanga atabwezedwapo kale kusukulu kamodzi. App ija ndinaichotsa mu foni koma ma email ake amabwerabe, dzulo lomweli ina yabwera yakuti andisowa.