Nsapato zisanazizire, wina wavala kale

Ku Joni kuli nthabwala imodzi imene imandiwawa mpaka lero. Ukangotsokomola pantchito, anzako amakuwa kuti, "Nsapato zakozo saizi yanji? Unenetu, pageti pali mnyamata akuzidikira!" Onse kufa nalo phwete, mpaka kapitawo yemwe.

Ndagwira zaka 6 pakampani ina yaikulu yosunga ndi kutumiza katundu kufupi ndi Germiston. Tinalipo khamu, Amalawi, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique ndi eni dziko. M'mawa umaika chala pakamakina, kalira, nambala yako yatuluka, basi. Zaka zonsezo bwana wamkulu sanatchulepo dzina langa. Komanso sanatilembe ndi iwo, tinalowa kudzera kwa munthu wapakati amene kumeneko amati labour broker. Ukadandaula kuofesi amati pita kwa amene anakubweretsa, ukapita kwa iye foni sayankha.

Chimene sindidzaiwala ndi cha mnzanga wa ku Namwera. Chigalimoto chonyamulira katundu chinamuponda phazi cha m'ma 10 koloko m'mawa. Tinamunyamula ife, magazi ali chuchuchu m'sokosi. Pofika 2 koloko masana, jekete lake lonyezimira lija linali pathupi pa munthu wina, dzina la mwini wake lolembedwa ndi cholembera pakolala likuonekabe. Wina anayambitsa nthabwala ya nsapato ija, anthu n'kuseka ndithu. Ine nsima yomwe ndinatenga m'kontena inandikanika tsiku limenelo.

Nthawi yanga inafika amayi atamwalira. Ndinapempha masabata awiri, anavomera pakamwa. Ulendo mukuudziwa: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, masiku awiri uli khale m'basi, ndipo ndinapeza ataika kale. Nditabwerera, ndinaika chala pakamakina kaja katatu, kakana. Mlonda, munthu amene tinkagawana naye buledi, anandiuza akuyang'ana pansi kuti malo anga analowa wina Lolemba lomwe ndinanyamukalo. Anzanga ankati ndikadandaule ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito kumeneko. Ndi mtima uti? Pasipoti yathu imangokupatsa masiku 30 ochezera, chilolezo chogwirira ntchito ndinalibe, ndipo aliyense wopanda mapepala amagona akulota Lindela, malo amene amatsekerako alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Olemba ntchito amadziwa bwino mantha amenewa, n'chifukwa chake amatikonda.

Agogo anga aamuna anapita kumigodi nthawi ya Wenela, Kamuzu asanaletse ulendowu mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambirimbiri. Atakalamba ankaiwala mayina a ife zidzukulu, koma nambala yawo ya kumgodi ankaitchula osaphonya. Tili ana tinkaseka. Ndaimvetsa ndili pageti paja, chala chili m'mwamba.

Tsopano ndili kuno kwathu ku Mangochi. Ndikamadutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi, anyamata a kabaza amandiimitsa, "Achimwene, mukamabwerera mutitenge!" Sindiwada ayi. Chambo mu Malombe chinatha, munda wa chimanga sukubweza ndalama ya feteleza, ndipo nyumba zamalata zomwe akuziona ku Makanjira ndi ku Katuli zambiri zinamangidwa ndi ndalama za pa Mukuru. Koma chimandipsetsa mtima n'chakuti ife matchona tikabwera timaonetsa foni ndi njinga yamoto, za phazi la mnzathu uja timabisa. Ena mpaka amatumizirana tizithunzi toseketsa pa WhatsApp, toti ukafa lero mawa ntchito yako yalengezedwa kale. Mukuseka chiyani, abale anga? Munthu wa ku Namwera uja akuyendera ndodo, ana atatu, ndipo palibe anamuimbirapo foni kuchokera kukampani.

Mwana wa mlongo wanga wagulitsa njinga yake kuti alipire thiransipota, akunyamuka Lachisanu. Ndalankhula naye mausiku awiri, wangoti, "Amalume, nanga pano ndidya chiyani?" Ndinasowa choyankha. Ndamusokerera ndalama yobwererera mkati mwa lamba wa thalauza, ndipo ndamulumbiritsa kuti asaikhudze ngakhale njala imupweteke bwanji.